Munda wanga unasanduka bwalo la mpira

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse. Ine ndine mayi wa ku Machinjiri, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatayira munda chaka chomwe bambo akunyumba anatisiya.

Mundawo unali kumunsi kwa kakoleji kena kophunzitsa zaumisiri. Ndinkalimamo chimanga ndi nandolo, ndipo ana anga anayi ankadalira momwemo. Tsiku lina kunabwera anthu ndi zingwe ndi zikhomo, n'kunena kuti malowo ndi a koleji, pakhala bwalo la mpira. Masiku amenewo a chipani chimodzi, munthu sunkatsutsa za chitukuko. Ndinangoima ndi khasu langa kuonerera thirakitala ikugwetsa nandolo. Kwaya ndinasiya, kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo. Pemphero linanditsalira limodzi lokha: "Ambuye, ana awa ndi anu."

Bwalo analisalaza, n'kuimika magolo a mitengo ya bulugamu. Koma kapinga anakana. Anabzala kawiri, kawiri konse kumtunda ankauma, pakati n'kumaola ndi madzi. Mvula ikagwa, osewera ankangoterereka m'matope ngati akugwira nkhumba.

Ine ndinali nditapeza ganyu yophwanya miyala kwa Che Saidi, mmisiri wachisilamu amene ankamanga masitepe okhalapo oonerera. Tsiku lina ndinangodzilankhulira ndekha kuti pakati pa bwalopo pali kasupe, ndipo ine madzi ake ndinkawapatutsira kuchigwa. Che Saidi anasiya kumanga.

"Mayi, mwati chiyani? Tiyeni mukanene zomwezo kwa akulu a koleji."

Ndinapita kukanena, ndikuganiza kuti ndadziputira mlandu. Koma akuluwo ananditsatira mpaka pabwalo, nsapato zawo zikumira m'matope, ine ndikuwalozera modutsa madzi. Tinakumba ngalande, tinathiramo miyala, n'kukwirira. Kapinga tinakazula m'mbali mwa mtsinje ndi amayi anzanga a kumpingo, n'kudzabzala tikuimba. Pofika Febuluwale, bwalo lonse linali biriwiri!

Anandilemba ntchito yosamala bwalolo, mkazi ndekha pakati pa azibambo, n'kundipatsanso kamalo kolima kuseri kwa khitchini ya koleji. Pa mpira woyamba wa pa kapinga watsopanoyo anthu anabwera wapansi kuchokera ku Ndirande ndi ku Bangwe. Timu yathu itagoletsa, ndinaiwala ukulu wanga. Ndinalowa m'bwalo ndi nthungululu, mpango uli m'manja, mpaka refa anachita kundiimbira wezulo, anthu akufa nazo kuseka. Kuyambira tsikulo ophunzira ankanditcha "Amayi a Graundi".

Ndinagwira pamenepo mpaka masitepe a Che Saidi anawaikira denga la malata. Ana onse anapita kusukulu, ndipo wachiwiri anaphunzira ukalipentala pa koleji yomweyo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva kulira kwa mayi wamasiye. Inu amene mwataya chimene munkadalira, musafooke, gwadanibe. Simudziwa amene Ambuye adzam'tume, ndiye akadzafika n'kunena kuti "tiyeni", ngakhale muli ndi mantha, dzukani mupite. Ambuye akudalitseni nonse. Amen.