Kabotolo kamene kanagwa pa msika wa Chiuta

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ndine Estere, mwana wa amayi aja okhala kuseri kwa chigayo. Ndiyambe ndi mfundo yaikulu. Magazi amene munawaona m'kabotolo pa msika tsiku lija anali anga. Anachokera pa mkono uwu. Sanali a mwana wa munthu aliyense.

Ambiri a inu mukudziwa kuti ife tinathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ine ndili kumbuyo kwa amayi. Mtendere utabwera tinabwerera. Bambo tinawasiya m'manda a kumeneko. Kuno tinapeza munda wathu ukulimidwa ndi ena, ndipo dzina lathu linasanduka "Amalawi aja". Ndinaphunzira Chipwitikizi ndili wamkulu kale, anzanga akuseka lilime langa. Ndinamaliza sukulu, ndinayamba kuthandiza pa posito ya zaumoyo, kachipatala kathu kaja.

Kenako anandisankha kupita ku kuruso, maphunziro apadera, mumzinda, kukaphunzira mikirosikopiyo, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Kurusoyo inali yogwira ndi manja. Tinkaona maselo amoyo, tizigawo timene timapanga thupi. Ukapotokola kagudumu pang'onopang'ono umaona pamwamba pa selo, pakati pake, kenako pansi pake. Kompyuta inkasanjikiza zithunzizo, selo n'kuoneka lathunthu, ukulitembenuza ngati mbatata m'dzanja.

Apulofesora athu, mayi wachikulire, anali ndi lamulo limodzi. Maselo oyera a m'magazi akazizidwa amaleka kuyenda. Choncho ponyamula magazi, kabotolo uzikagunditsa pa khungu lako.

Gawo lomaliza la kuruso linali loyeserera kwanu. Anandibwereka makina aang'ono. Magetsi a dzuwa anali ku ofesi ya boma, kutsidya kwa msika, ndiye makinawo anakhala kumeneko. Anamwino ankanditenga magazi ku posito, ine n'kuika kabotolo pachifuwa, n'kumanga chitenje cha kapulana, n'kudutsa pa msika. Tsiku lina njinga ya nsomba inandigunda. Ndinagwa. Kabotolo kanagubuduzika mpaka pa mapazi a a Likoswe, mkulu wa mpingo uno.

Anakatola. Anakakweza m'mwamba.

"Mwana iwe, magazi ukubisa m'mawere ndi a yani?"

"Ndi anga, abambo. Ndi a sukulu."

"Sukulu yanji yodya magazi? Ndiye chifukwa chake ine ndikukodza zofiira. Namapopa tili naye pompano."

Abale, mawu amenewo anayenda msanga kuposa njinga imene inandigunda. Sabata imeneyo palibe anabwera kudzabayitsa ana katemera. Pa chitsime amayi anga akafika, ndowa zonse zinkachoka. Mu kwaya munandiuza kuti ndipume kaye. Pa benchi ilo, lachitatu kuchokera kutsogolo, ndinakhala ndekha, malo a anthu asanu ali mbee. Masana ena anyamata anabwera n'kugwetsa nkhokwe yathu, akukuwa kuti tibwerere kwathu ku Malawi.

Kwathu kuti? Mchombo wanga unakwiriridwa pa Chiuta pano.

Amayi anayamba kumanga katundu. Mphika, mkeka, Baibulo, monga anamangira nthawi ya nkhondo. Anati, "Mwanawe, zipolopolo tinazithawa, miyala tiithawanso." Apo m'pamene ndinatheratu. Ndinagwada pambali pa chimanga chomwazika, ndinati, Ambuye, kuthawa kachiwiri ine sindingathe. Ngati muli ndi njira, itsegulani pompano.

Njirayo inabwera ndi mdani wanga.

Apulofesora anafika kudzandiyesa mayeso omaliza. Anthu atamva kuti mwini makina wabwera, anadzaza bwalo la ofesi ya boma. A Likoswe analowa atanyamula botolo la mkodzo wofiira, n'kuliika pa tebulo.

"Nawu umboni. Onani zimene wandichita wophunzira wanuyu."

Apulofesora anafunsa, "Ndi wa liti?"

"Wa pompano."

"Zikomo, bambo. Estere, mayeso ako ndi amenewa."

Ndinadikira kuti zolemera zikhale pansi pa botolo, ndinatapa dontho n'kuliika pa kagalasi, ndinaonjezera madzi oyera, ndinayatsa nyali. Ndinawapeza. Mazira a likodzo, lililonse lili ndi kamunga kunsonga. Ndinawapempha a Likoswe kuti ayang'ane ndi kupotokola kagudumu okha. Anaona pamwamba pa dzira. Anatsika pakati. M'kati munali kanthu kakudzigwedeza.

Anadzuka. "Mwaikamo ndinu."

Ndinawapatsa kagalasi katsopano. Anakapukuta ndi malaya awo. Anatapa okha, anathira madzi a m'chigubu chawo, ine manja ndili nawo kumbuyo. Anawerama nthawi yaitali. Dzira lina linasweka iwo akuona, kachilombo n'kutuluka kakusambira. Kunja anthu ankafunsa, "Akulu, mwaona chiyani?" A Likoswe anatembenukira kwa ine. Anandifunsa ine, motsitsa mawu, "Zimenezi ndazitenga kuti?"

"M'nyanja, abambo. M'mabango momwe mumatchera miono."

"Mankhwala ake alipo?"

"Alipo, ku posito."

Anamwa. Anachira. Mayeso ndinakhoza. Amayi anamasula katundu.

Sindinama pamaso pa Mulungu kuti zonse zatha. A Likoswe, muli apo, kupepesa simunapepese, ndipo ine sindikupempha. Nkhokwe tinaimanganso awiri ndi amayi. Alipo m'chipinda chino amene ndikadutsa amakokera mwana kumbuyo. Ndimakuonani. Koma ndimagona m'nyumba ya kwathu, ndimatunga pa chitsime cha kwathu, ndipo ntchito ya pa makina ku posito andipatsa ine. Pa zimenezi ndikuthokoza Ambuye, amene anagwiritsa ntchito botolo lodzandinenera kuti lindimasule.

Boma laika magetsi ku posito, ndipo makina athuathu afika Lachiwiri. Asodzi a ku gombe, achisilamu anzathu, alembetsa kale kuti adzayezedwe. Inu amene mukukodza zofiira n'kumabisa, mukudzidziwa. Bwerani Lachitatu, mkodzo ukhale wa tsiku lomwelo. Amene mukundiopabe, mudzatapa nokha.

Amen.