Basi Imene Ndidapangira Amidu

M'zaka zija msewu wathu uno usanaone phula, pamene kulira kwa galimoto kunkamveka ikadali kuseri kwa phiri, mwana aliyense wa pa Manjawira ankataya chimene wagwira n'kuthamangira kumsewu. Inu lero mumawoloka maso ali pafoni malole akudutsana ngati nyerere, koma ife basi inkatiyendera kamodzi patsiku, ndipo ikapita tinkatsala tikununkhiza utsi wake ngati ndiwo za kwa eni. Sendezani bokosi la mawayalo mukhale bwino. Mwandifunsa chifukwa chimene nkhalamba ngati ine ndimatherera dzuwa ndikupinda timagalimoto, ndiye ndikuuzani za mnzanga Amidu.

Bambo ake a Amidu adali Asilamu, adali ndi kasitolo m'mbali mwa msewu pamene basi inkaima. Bambo anga adali ku Joni, kumigodi, ndipo idawatenga ndi basi yomweyo ine ndikadali wamng'ono. Choncho tsiku ndi tsiku ndinkakakhala pakhonde la sitoloyo kuyang'ana otsika, ndipo otsikawo akatha ndinkabwerera kwathu mutu uli pansi. Tsiku lina Amidu adandigwira mkono nati, "Iwe Lufeyo, basi ya eni yakeyi siwabweretsa bambo ako. Tiye tipange yathu tikawatenge tokha."

Musaseke, ana inu, ife tidakhulupiriradi. Mawaya tidatola pa mpanda wakugwa wa dibi la ng'ombe, zitini za mafuta adatipatsa bambo ake a Amidu, matayala tidadula ku patapata wakutha, ndipo zonsezo tidamanga ndi malegeni a chubu cha njinga. Kupinda waya kudali kwanga, koma kuyendetsa kudali kwa Amidu, pakuti ndiye ankadziwa kuliza injini ndi pakamwa mpaka agalu kuwuwa. Ku Joni kwathu kudali pa chulu cha kuseri kwa sitolo. Tinkapitako, n'kukweza timiyala, n'kubwerera tikuimba, ndipo pa masiku amenewo mtima wanga unkapepuka. Adanena akuluakulu kuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Zidole zanu zapulasitiki za masiku ano n'zokongola, sindikana, koma zimabwera zothatha, ndipo mwana amaseweretsa ali yekha m'nyumba.

Bambo adabwera ndithu patapita zaka, ali ndi sutikesi ndi chifuwa chimene sichidawasiyenso. Ife tidakula. Ine ndidapita kumafamu a ku Halale komwe ndidaphunzira kukhoma zidebe ndi mbaula, ndipo Amidu adakwatira n'kukatsegula sitolo yake ku Sharpevale. Ubwenzi sudazime ayi. Pa Idi ankanditumizira mpunga, ndipo pa Khirisimasi ine ndinkamutumizira nkhuku yamoyo kuti akazinge yekha monga mwa chipembedzo chake.

Nditasiya zidebe chifukwa cha msana, manja adakana kukhala chete, ndipo ndidabwerera ku mawaya. Koma ya ukalamba si ya umwana. Tsopano ndimayamba ndayeza lole yeniyeni ndi tepi, dalaivala akundiseka, kenako n'kuchepetsa chilichonse mofanana, kuti tayala ligwirizane ndi chitseko, chitseko chigwirizane ndi denga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chaka chatha chilimwe, ndili pomwe pano, padafika mayi wina atafunda mpango. Adagwada apo mwakhala inupo nati, "Bambo, ndine Asiyatu, mwana wa a Amidu." Ndidamufunsa za kumudzi, ndipo iye adayamba wapukuta m'maso.

"Ababa mutu wawasokonekera," adatero. "Ine amanditcha dzina la malemu azakhali. Amayi amawafunsa kuti ndinu yani m'nyumba muno. Kuchipatala akuti ndi ukalamba, mankhwala ake palibe. Koma kukacha amafunafuna pansi pa bedi, akuti basi yawo yasowa. Tidawagulira yapulasitiki, adaiponya panja. Amayi ndiwo akuti pita kwa a Lufeyo, akadziwa."

Ndidadziwadi. Koma basi ya mtundu umenewo idatha kalekale m'misewu, yoti ndikayeze padalibe, ngakhale chithunzi chake. Ndidakhala pansi n'kutseka maso, ndipo ndidaiona ikutsika phiri: mphuno yake yaitali ngati ya ng'ona, katundu padenga, makwerero kumbuyo. Ndidayeza ndi zimene thupi limakumbuka, kuti tayala lake linkandifika pachifuwa ndili mwana, ndiponso kuti bambo adawerama polowa pakhomo pake. Zala zanga zili ndi nyamakazi, mukuziona, ndipo waya umene kale ndinkaupinda ndikucheza tsopano unkanditulutsa thukuta. Denga ndidalipanga n'kuliphwasula, n'kulipanganso. Ndili mkati mopaka penti, Asiyatu adaimba foni kuti ababa ayamba kukana chakudya. Sindidadikire kuti pentiyo aume bwino. Ndidaikulunga m'chitenje cha akazi anga n'kukwera minibasi.

Ndidamupeza atamukhazika pa mkeka pansi pa mtengo wa mango. Amidu amene adali chimunthu chodzaza pakhomo la sitolo adali atatsala mafupa m'kati mwa mkanjo. Ndidamupatsa moni, iye adandiyankha mwaulemu ngati mlendo wodzagula mchere, "Ndili bwino, kaya inu bambo?" Ana inu, chiyambire ubwana wathu Amidu adali asananditchulepo kuti inu. Mawu amenewo adandilasa kuposa minga.

Ndidamasula chitenje n'kuika basi ija patsogolo pake. Adaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako adatambasula dzanja, nayendetsa chala pa mphuno yake, nagwedeza makwerero, nazungulitsa tayala. Ndidamupatsa chiwongolero chake chachitali chawaya m'manja, ndipo milomo yake idayamba kunjenjemera. Tidangomva injini yalira, yomwe ija ya pa Manjawira, ngakhale mpweya udali wochepa. Adaikankha pa mkeka, naibweza, naitana ndi mawu a kondakitala, "Otsika! Otsika atsike!" Akazi ake adadziphimba kumaso ndi mpango. Asiyatu adathamangira kukhitchini n'kubwera ndi phala, ndipo Amidu adalandira sipuni zingapo dzanja lina lili pa chiwongolero.

Ine ndidadikira kuti mwina tsopano andiyang'ana n'kundidziwa. Adandiyang'anadi, nati, "Bambo, mwaitenga kuti? Ndili ndi mnzanga amapanga zoterezi, dzina lake Lufeyo. Bambo ake ali ku Joni, ndiye amakhala wokhumudwa mwana ameneyo. Mukamuona mumuuze abwere, asamakhale yekha."

Asiyatu adatsegula pakamwa kuti awauze, koma ndidamuletsa ndi dzanja. Ndidayankha kuti, "Ndikamuuza. Abwera ndithu." Amidu adagwedeza mutu mokhutira n'kubwerera ku ulendo wake, ndipo ine ndidakhala pambali pake mpaka mthunzi wa mango udasuntha, ndikumutolera timiyala toti akweze.

Mvula yoyamba isanagwe Amidu adatisiya. Ndidapita kukamuperekeza, ndipo abale ake adandipatsa malo pakati pawo kuti nanenso ndiponye dothi. Asiyatu adafuna kundibwezera basi ija, koma ndidamuuza kuti aipereke kwa adzukulu aiyendetse mpaka ithyoke.

Nkhope yanga Amidu adaiiwala, ya mkazi wake adaiiwala, ngakhale sitolo imene adaikhalira moyo wake wonse idamuchoka m'mutu, koma chisoni cha mnzake chidatsalira. Ndiye inu amene mukadali ndi mano onse, yang'anani bwino amene mwakhala naye pafupiyo. Mukamuona wazyolika musamudutse, mufunseni chamuvuta, ndipo ngati mulibe chomupatsa, khalani naye pansi mupange naye kanthu, ngakhale kopanda pake m'maso mwa akulu. Simudziwa chimene mtima udzasunge tsiku limene mutu udzataye zonse. Tsopano tengani mapulayala awo, awiriawiri, ndikuonetseni mmene tayala limayambira.