Mayi Glenys Pybus, Amene Sanamve Yankho la Mdzukulu

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1961 ku Burnie, m'banja la a Radford. Atamaliza sekondale mu 1978 anapita ku Hobart kukaphunzira ntchito ya mu labotale. Mu 1986 anakwatiwa ndi bambo Neville Pybus, msodzi wa nkhanu.

Ntchito ya malemu inali yowerenga DNA, uthenga wa chibadwa umene makolo amapatsira ana. Masiku amenewo tizidutswa ta DNA tinkaoneka ngati timizere pa filimu, ndipo filimuyo inkatenga masiku kuti ioneke. Ankawerenga ndi rula, mzere umodziumodzi, mpaka maso kufiira. Mu 1995 kutabwera makina ozindikira tizidutswato ndi utoto wowala, anzawo ena ankawakayikira, koma malemu anawaphunzira msanga n'kuphunzitsanso ena. Ankati kuseri kwa kabotolo kalikonse ka magazi kuli mayi amene chakudya sichikumulowa podikira yankho.

Mu 2021 anapezeka ndi matenda a mtima akumtundu. Ine Bronte, mwana wawo, nditayezedwa ndinapezeka kuti ndinatengera. Chaka chatha nditabereka Tamsin, mtendere unandithawa. Mwana akangoti tsokomo, ine dzanja lili kale pachifuwa pake. Amayi ankandiseka: "Iwe Bronte, mwana si mkaka uli pamoto. Takhala pansi, umwe tiyi." Koma ndikatembenuka, ndinkawapeza iwonso akumvetsera kupuma kwake.

Lolemba pa 5 Ogasiti 2024 Tamsin anatengedwa magazi kuti akamuyeze matendawa. Amayi anali atagonekedwa kale m'chipatala. Anati, "Kale mukanadikira miyezi. Lachisanu lomweli timva, ndipo ndiyambe ine kumva, osati bambo ako." Anatisiya Lachitatu masana, pa 7 Ogasiti.

Asiya amuna awo a Neville, ana awiri, Callum ndi ine, ndi mdzukulu mmodzi. Tikuthokoza anamwino, anzawo a ku labotale amene anyamula bokosi, ndi inu nonse amene mwadzaza khitchini yathu ndi makeke.

Foni ya yankho inalira Lachisanu m'mawa, monga ananenera. Sindinauze munthu aliyense, ngakhale inu ababa, mundikhululukire. Ndimafuna ayambe kumva eni ake.

Amayi, Tamsin alibe matendawa.

Usani mumtendere.