Zitenje za pa mawindo

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Misozi wa ku Nkwazi kuno ku Ndola. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda amene kuchipatala alibe mankhwala ake, matenda okhala wekha pakati pa anthu.

Amuna anga atamwalira ndinachoka ku Kitwe n'kudzakhala m'kanyumba kuno. Mulungu sanatipatse mwana. M'mawa ndinkatulutsa makapu awiri mwachizolowezi, kenako n'kubweza imodzi m'kabati. Kapu ya amuna anga inafika pochita fumbi.

Chinthu chimodzi chokha ndinali nacho. Ndili kamtsikana, amayi anga ankagwira ntchito m'nyumba ina ku Nkana West ku Kitwe komweko, ndipo mayi wa m'nyumbamo ankaphunzitsa ana gule wa baleti, uja wovina choimirira ndi zala za kumapazi. Anandiphunzitsa nanenso, thupi silinaiwale. Ndinapempha abusa holo ya tchalitchi kuti Loweruka lililonse ndiziphunzitsa atsikana aang'ono. Anabwera ambiri ndithu. Ankavula zitenje kuti miyendo imasuke, n'kugwira kumbuyo kwa mabenchi n'kumanyang'ama, ena akugwa, tonse tikuseka. Ndinali ndisanaseke chotero chichokereni pamaliro.

Koma anthu odutsa ankasuzumira pa mawindo, ana n'kumachita manyazi. Ndiye ndinatseka chitseko, mawindo n'kuphimba ndi zitenje. Ine ndinakulira m'tauni, sindinaganize kanthu. Koma amayi a mumpingo mwathu ambiri ndi ochokera kumidzi ya m'chigawo cha kum'mawa, ndipo kwao nyumba yotseka, nyimbo zikulira, atsikana atavula zitenje m'katimo, tanthauzo lake ndi limodzi. Manong'onong'o anayamba akuti Misozi akuvinitsa chinamwali ana osatha msinkhu.

Palibe anandifunsa. Ana anangosiya kubwera mmodzimmodzi. Lamulungu benchi imene ndinkakhala inkatsala ndi malo mbali zonse ziwiri, pomwe kwina anthu ali othithikana. Moni ankandipatsa akuyang'ana kumbali. Loweruka ndinkapitabe kuholo, kusesa, kuika mabenchi pamzere, kuyatsa nyimbo pafoni, n'kukhala ndekha mpaka dzuwa kupendeka. Zinandiwawa, abale. Ndinapemphera ndikulira kuti, “Ambuye, munanditengera mwamuna, ana a eni awanso mwanditengera? Nditumizireni munthu mmodzi yekha.”

Munthu anabweradi, koma osati amene ndikanasankha. Anali amayi Tembo, mlangizi wamkulu wa chigwirizano cha amayi a mumpingo, amene ngakhale madikoni amaongola kolala akawaona. Anakankha chitseko osagogoda.

“Nabwela kuona na maso yanga,” anatero. “Vinani tione ivo mupunzisa bana.”

Mwana woti ndionetsere panalibe. Ndinavula nsapato, ine mayi wa imvi, mawondo akulira ngati chitseko chakale, n'kugwira benchi. Ndinanyang'ama, ndinatambasula manja, ndinazungulira kamodzi n'kutsala pang'ono kugwa. Ndinamaliza ndi kugwada pang'ono monga timachitira pothokoza oonerera.

Amayi Tembo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anati, “Ni ivi chabe? Awe mwandi. Na m'chiuno simugwedeza!” Ananyamuka n'kuyamba kukanganula zitenje pa mawindo, chimodzichimodzi, kuwala n'kudzaza holo yonse.

“Amai Misozi, mwana mukazi sapunzila kuseli kwa chitseko popanda mulangizi. Kuyambila lelo mulangizi wanu ndine.”

Loweruka lotsatira anabwera atagwira adzukulu awo awiri kumanja. Anaika mpando pakhomo penipeni, chitseko chili pululu, n'kumaluka juzi. Aliyense wodutsa ankamuitana kuti alowe aone. Amayi amene ankandizemba anayamba kubweretsa ana awo, ena akuseka mwamanyazi, wina n'kundigwira dzanja. Tsopano atsikana amavina mawindo ali otsegula, ndipo amayi Tembo amawakalipira akapinda msana, ngati gule ameneyu anabadwa naye.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu amene ndinkamuopa kuposa onse. Inu amene mukusesa holo yopanda anthu, musaleke kupita. Wobwera kudzatseka ntchito yanu mwina ndi amene watumidwa kudzatsegula.

Tsiku lija anakanganula zitenje, titatuluka m'holo, amayi Tembo anandiperekeza mpaka kunyumba. Atafika pakhomo sanabwerere. Anati, “Manje tiyi kulibe pano?” Ndinatsegula kabati, ndinatsuka fumbi pa kapu ija, ndipo mpaka lero Loweruka lililonse ndimatulutsa makapu awiri osabwezapo imodzi.