Mayi amene anakuwa pa chimbale cha Nyundo Zinayi

"...ndiye chigaza chili pa sikipa yakocho ukuchidziwa?"

Apa ndili pa renki ya makombi, maminibasi aja, a ku Gweru, ku Zvishavane kuno ku Zimbabwe, mayi ena a hijabu akufunsa mnyamata wa madiredi kkkk

"Ndi Nyundo Zinayi, mayi, gulu loimba nyimbo za metal la kwathu konkuno. Chimbale chawo choyamba achitulutsanso, chakwana zaka 40."

"Woimbayo ndi mchimwene wanga Haruni. Ndipo amene amakuwa koyambirira kuja ndine."

"Aaa mayi! Ife timati ndi mfiti!"

"Mfiti ndiwe. Ndinalowa m'galaja akujambula, ndikumukalipira kuti wasiya mbuzi zikudya kabichi. Iwo osafufuta."

"Kkkk ali kuti pano?"

"Chifuwa cha mumgodi chinamutenga. Kaseti yathu wailesi inaitafuna kalekale, mawu ake sindinawamvenso. Uli nawo m'fonimo?"

"Ikani kachingwe aka kukhutu. Koma ndi phokoso, mayi."

"Kweza."

Kondakitala uku akukuwa kuti Gweru watsala mmodzi.

"Ipite kombiyo. Bwezera poyamba, mwanangu."

Nditamulembera mnzanga Audrey zimenezi wayankha kuti: "Iwe ukuseka chani shamwari, ine ndikulira kuno. Makombi ndi ambiri, asiyeni amve mchimwene wawo."