Mwana amene ndinkamulira ali moyo

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo nonse, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Aleluya! Iii, mwadya m'mawa uno inu? Aleluya! Eya, koma imeneyo.

Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo ndikayamba kulira musadandaule, misozi ya lero ndi yachimwemwe.

Ambiri mumandidziwa, ndimaimba kwaya, ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Germiston. Chimene simudziwa n'chakuti mwana ali m'manja mwa bambo ake apoyo ndi wachitatu. Awiri oyamba sindinawayamwitse. Wina ndinapita padera ndili kumudzi, wina kuno ku Joni, miyezi itapitapita ndithu.

Ndiye nditaima ulendo uno ndinaimbira foni amayi anga kumudzi. Iwo anati, "Mwanawe, tseka pakamwa. Usauze munthu, usagule ngakhale kathewera. Ndipo makina ounikira m'mimba amene ali ku Joniko, usakayerekeze dala. Mwana saonedwa asanabadwe. Ukamuonetsa kwa anthu, amabwerera." Musawaseke amayi anga, abale. Anali atataya adzukulu awiri, ankangofuna kuteteza wachitatu.

Ine ndinamvera. Sikelo sindinayambe, poopa kuti akandiunika. Ndinkavala juzi yaikulu ngakhale kukutentha. Ena mwa inu munkati, "Koma mwanenepa, ku Joni kwakuyanjani." Ine ndinkangoti ndi buledi wa kuno. Ndikukuonani mukuseka kumbuyoko, ndinu amene munkanena.

Mwezi wachisanu unakwana, mimba ikukula, koma m'katimo zii. Amayi mukudziwa chimene ndikunena. Mimba yanga yachiwiri nthawi ngati imeneyo mwana anali atayamba kale kugunda. Uyu ayi. Ndinkagona chagada, dzanja pamimba, kumvetsera. Zii. Kuntchito ndikusita malaya a abwana ndinkaimika simbi n'kuima nji, mwina agundako kamodzi. Zii. Ndinkamuyankhula, "Mwanawe, ngati ulipo ndigogodeko." Zii.

Mumtima ndinagamula ndekha kuti mwanayu wapita ngati anzake aja. Ndinayamba maliro ndekhandekha, abale. Ndinkaima pompano m'kwaya, pakamwa pali nyimbo, mumtima muli maliro. Ndinkaopa kupita kuchipatala chifukwa cha mawu a amayi, komanso ndinkaopa kuti akandiuza chimene ndinkachiganizacho. Ndinavutika. Ndikuti ndinavutika!

Tsiku lina m'mawa amuna anga akuchokera kolondera ku Isando anandipeza nditakhala pabedi, tiyi atazizira m'kapu. Anati, "Mayi, mwasiya kudya, mwasiya kuyankhula. Chavuta n'chiyani?" Ndinaulula zonse. Iwo yunifomu osavula n'komwe, anati, "Valani, tikakwere takisi." Ndinati, "Nanga amayi aja anati chiyani?" Iwo anati, "Apongozi ndiyankhula nawo ndine. Ngati wapita, tikamve kuchipatala, osati muzingodzipha ndi maganizo muno."

Kuchipatala tinakhala pamzere mpaka matako kuwawa. Nditalowa, nesi wake mayi wachizulu, wamkulu thupi, anandiyang'ana mimba, n'kuyang'ana nkhope. "Hawu, mama, ubukuphi sonke lesi sikhathi?" Kundifunsa kuti ndinali kuti nthawi yonseyi. Anandikalipira, eee, anandisambitsa chokweza. Koma akukalipa choncho, dzanja lake linali paphewa panga. Ananditumiza kuchipinda chounikira, n'kuuza amuna anga kuti alowe nawo.

Ndinagona pakabedi. Wounika anandipaka mafuta ozizira pamimba, n'kuyamba kuyendetsa kachipangizo kawo. Ine maso ndinatseka, tsinzinire, kanema wa makinawo sindinafune kumuona. Ndinkangoti, "Yesu, Yesu, Yesu." M'chipindamo munali chete. Kenako wounika uja anakhudza batani.

Dugudugudugudugu!

Abale, phokoso limenelo linadzaza chipinda chonse, likuthamanga ngati sitima ikamachoka pasiteshoni ya Germiston. Ndinafunsa kuti n'chiyani chimenecho. Amuna anga anandigwira phazi, anati, "Mayi, tsegulani maso. Ndi mtima. Mwana wathu ali moyo."

Ali moyo! Aleluya! Ndikuti ali moyo!

Nditatsegula maso ndinamuona. Kamutu, kamsana, timiyendo tikupalasapalasa, kachala kali kukamwa. Ine ndikulira maliro kunja kuno, mwini wake ali m'katimo akuyamwa chala! Bambo awa, mlonda wathunthu amene mbava za ku Isando zimamuopa, misozi inali chuchuchu. Analoza pakanemapo, "Taonani mutu, wafanana ndi wanga." Wounika uja anaseka, anati amenewo ndi matako.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji sindimamumva. Anandionetsa nsengwa, chija mwana amadyera ali m'mimba. Anati yanga inakhala kutsogolo, pakati pa mwana ndi khungu langa, ngati pilo. Mwana ankagunda tsiku ndi tsiku, koma ankagunda pilo ameneyo. Anandiuza kuti ndiyambe sikelo tsiku lomwelo, ndizibwera kudzaunikidwa chifukwa cha mimba ziwiri zija, ndipo ndikayamba kumumva, tsiku limene adzakhale chete ndisadzadikire, ndidzathamange. Ndinkapita mosaphonya. Ulendo uliwonse ndinkamupeza atakula, ndipo ndinkabwerera mtima uli m'malo.

Chithunzi chimene anatipatsa, amuna anga anatumiza pafoni kwa apongozi awo. Ndinkaopa kuti akwiya. Koma amayiwo anatiimbira foni, anati, "Mphuno imeneyo ndi ya kwathu." Mukudziwa, amayi omwe aja ankati mwana saonedwa, anayenda nacho chithunzicho mudzi wonse, mpaka kuchigayo!

Amayi anzanga amene muli oyembekezera muno, kaya mwabisa m'juzi ngati ine, pitani akakuunikeni. Mulungu amene amaona m'mimba mwa mayi ndi yemweyo anapatsa anthu nzeru zopangira makina amenewa.

Ndisanakhale pansi, pali chinthu chimodzi chimene ngakhale amuna anga sindinawauze. Kwathu mwana akapita asanabadwe, amuna sapita kumanda. Palibe nyimbo, palibe kulira mokweza. Amayi ochepa amangomukulunga n'kukamuika mwakachetechete. Ndiye masiku amene aja ndinkayang'ana mumpingo muno, kudzifunsa kuti kuno kutali ndi kwathu adzandiperekeza ndani. Ndinasankha mumtima. Amayi busa, ndinasankha inu. A Nabanda, inu. A Nachisale, inunso.

Musagwire pakamwa, amayi. Imirirani, bwerani kuno kutsogolo. Bambo, apatseni mwanayo. Ndinakusankhani kuti mudzamunyamule ali chete, lero munyamuleni akulira, akukoka mipango yanu!

Zikomo Yesu, zikomo Atate. Mpingo wonse sangalalani nane. Amuna omwe imirirani, ng'oma ilire, amayi nthungululu zimveke mpaka kumsewu. Lero palibe zamwakachetechete. Aleluya! Amen!