Jakisoni pamkono, matenda m'matumbo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonsenu. Ine ndine mayi wa ku Sinda. Ndinadwala khansa ya m'matumbo nthawi ya Chitaganya, ndili pachitengwa kumudzi kwa amuna anga. Matendawo anandizunza, koma anthu anandizunza koposa.

Kuchipatala cha mishoni ku Katete adokotala anandichita opaleshoni n'kuchotsa chotupa. Kenako anayamba kundibaya mankhwala atsopano mumtsempha wa pamkono. Anandiuza kuti mankhwalawo amayenda ndi magazi thupi lonse kusaka matenda otsalira, ndipo m'njiramo amapsereza ndi malo abwinobwino. Zinachitikadi. M'kamwa munatuluka zilonda, nkhama zinkachucha magazi, tsitsi linathothoka.

Nditabwera kumudzi kudzapuma ndisanakabayitsenso, apongozi anga, a Naphiri, anandilandira ndi mwano. Anati munthu sameta mpala popanda maliro, ndiye ine ndameteratu chifukwa ndikufuna mwana wawo afe. Anatinso ndi mzungu wopusa yekha amene angabaye mkono pamene ikupweteka ndi mimba. Mudzi wonse unavomera. Akazi anzanga a kutchalitchi anasiya kudya nane, ndipo amuna anga, munthu wamkulu ndi ndevu zake, ankangowerama ngati sakumva. Ndinawada onse, sindibisa.

A Naphiri analamula kuti kuchipatala sindibwererako. Anaitanitsa sing'anga wa ku Vubwi, a Kamchacha, kuti anditeme mphini pamimba pomwepo, pambali pa bala la opaleshoni. Akazi a kutchalitchi aja anandigoneka pamphasa n'kundipana mikono. Mphamvu ndinalibe. Ndinangoti chamumtima, "Yesu, gwirani dzanja la munthu uyu."

A Kamchacha anatulutsa lumo. Asanateme anandiyang'ana m'kamwa, n'kuonanso mikwingwirima yakuda m'miyendo mwanga, ndipo anabweza lumo lija m'thumba.

"Amayi, uyu sinditema," anatero. "Mankhwala a azunguwo afika kale paliponse. Ndikatema, magazi sasiya kutuluka, ndipo mtembo ukhala wanga."

"Nanga abayiranji mkono?" anakalipa a Naphiri.

"Inuyo mwendo utakupwetekani, sindinakutemeni pamsana? Mankhwala amayenda. M'bwezeni komwe anayamba."

A Naphiri anawatukwana kuti ndi kapolo wa azungu, ndipo a Kamchacha anachoka osamwa ndi madzi omwe. Koma mawu oti mtembo anawalowa amuna anga. M'mawa mwake anamanga ng'ombe pangolo n'kunditengera ku Katete, amayi awo akutitemberera mpaka kumsewu.

Ndinamaliza jakisoni ndikusanza ndi kulira, ndipo chotupa sichinabwerenso. Ana anga ndawalera ine mwini, ndipo mtedza ndimalimabe ndi manja awa. A Naphiri anamwalira osapepesa. Abusa amati ndikhululuke, ndipo ndikuyesa, koma ndisakunamizeni, sindinafikebe. Mundipempherere.

Ndikuthokoza Mulungu amene anaona kuti ondipana mikono ndi oimba nyimbo zake, n'kudzutsa munthu amene sanapondepo m'tchalitchi kuti andilanditse. Inu amene mankhwala akukupwetekani pamalo pamene simunadwale, abale akukuuzani kuti musiye, limbani mtima, pitani mukabayitsenso. Ndipo mukamapempha thandizo, musamusankhire Mulungu woti amutume.